Kodi Abraham Lincoln Anagulitsadi Mowa Asanakhale Phungu?

Achimwene, mwafunsa ngati nzoona kuti Abraham Lincoln, yemwe pambuyo pake anakhala pulezidenti wa America, anali mwini malo omwera mowa asanalowe m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha Illinois. Nkhaniyi ili ndi choonadi ndithu, koma anthu amaikometsera mopitirira.

Lincoln anafika m'mudzi wa New Salem, m'mbali mwa mtsinje wa Sangamon, mu 1831, ndipo pambuyo pake anatsegula sitolo pamodzi ndi William Berry. Mu Malichi 1833 sitoloyo inalandira chiphaso chosungira alendo, chomwe chinalembedwa m'dzina la Berry. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, chifukwa m'midzi ya atsamunda yomwe inali kungokhazikitsidwa kumene, chiphaso choterocho sichinali cha mowa wokha. Mwini wake ankayenera kupatsa apaulendo chakudya, pogona ndi msipu wa mahatchi awo, pa mitengo yomwe akuluakulu a boma la deralo ankaikiratu. Kugona usiku umodzi kunali masenti 12 ndi theka, chimodzimodzi ndi kapu ya wisiki, pamene kusunga hatchi usiku womwewo kunali masenti 25. Choncho hatchi inkalipiridwa kuposa mwini wake!

Malondawo sanapite patali. Berry ankakonda botolo, Lincoln ankakonda mabuku ndi kucheza ndi makasitomala, ndipo Berry atamwalira mu Januwale 1835, ngongole zoposa madola 1,000 zinatsala pamutu pa Lincoln, yemwe anazibweza pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Panthawi ina hatchi yake ndi zipangizo zake zoyezera malo zinalandidwa chifukwa cha ngongole, mpaka mnzake James Short anazigula n'kumubwezera.

M'maganizo mwanga, phindu lenileni la sitoloyo linali anthu amene anadziwana nawo, pakuti m'malo oterowo ndi mmene alimi ankamvera nkhani ndi kukangana za ndale. Ngakhale anagwa pachisankho cha 1832, anapeza mavoti 277 mwa 300 a ku New Salem, ndipo mu 1834 anapambana. Popita ku Vandalia, likulu la Illinois panthawiyo, anachita kubwereka madola 200 kwa Coleman Smoot, ena mwa iwo n'kugulira suti.

Mu 1858, pamtsutso wa ku Ottawa, tauni ya ku Illinois, Stephen Douglas, yemwe ankapikisana naye pa mpando wa senate, anamunyogodola kuti anali wogulitsa mowa, ndipo Lincoln anakanitsitsa pamaso pa khamu lonse kuti sanakhalepo ndi malo otero kulikonse.