Katie Taylor: kuchoka pa mendulo kufika pa malamba

Funso: Akuluakulu, Katie Taylor, womenya nkhonya wa ku Ireland, anapata golide ku Olympics. Kodi nkhonya zimenezo zimasiyana bwanji ndi zolimbirana malamba?

Yankho: Zimasiyana kwambiri. Ku London mu 2012, m'gulu la makilogalamu 60, ankamenyana ndime zinayi za mphindi ziwiriziwiri atavala chipewa choteteza mutu, oweruza akuwerenga nkhonya zolowa bwino. Chofunika chinali liwiro.

Atayamba nkhonya zolipidwa mu 2016, chipewa chinachoka, magolovesi anapepuka, ndime zolimbirana lamba n'kufika khumi. Apa woyamba mwaphuma amatha mpweya msanga, manja amatsika, chibwano n'kukhala pambalambanda. Mu 2019 ku New York, Delfine Persoon, womenya nkhonya wa ku Belgium, anamupanikiza zedi mpaka belu lomaliza, koma Taylor anapambana pa mapointi n'kukhala mwini wa malamba onse anayi akuluakulu a dziko lonse m'gulu lake.