Mukufuna kugulitsa mapampu ndi masipuleya? Mafunso a ku kalabu ya mthirira

Pa msonkhano wa kalabu ya ulimi wamthirira, bambo wina amene amalima tomato m'dimba anandifunsa kuti: "Alangizi, ndasungako kandalama. Ife kuno tikafuna pampu kapena sipuleya timachita kukwera minibasi mpaka ku Lilongwe. Kodi ndingalembere kampani yopanga makinawa kuti ndiziwagulitsira kuno?" Ena anaponyapo mafunso awo, ndiye ndiyankha onse pamodzi.

Bambo, kalatayo mukhoza kulemba, koma adzakubwezani kuno komwe. Honda ndi ya ku Japan, Jacto ya masipuleya oberekera kumsana ndi ya ku Brazil. Makampani otere sagulitsa mapampu asanu. Amasankha kampani imodzi kapena ziwiri m'dziko, imene imaitanitsa katundu wodzaza kontena, kulipira ndi madola, kumudutsitsa pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, n'kulipira msonkho pa chipata. Inu mudzaoda kwa ameneyo, ndipo ndi amene muyenera kukagogoda pakhomo pake.

Akakulandirani adzafuna mapepala: satifiketi yolembetsera bizinesi kwa Registrar General, nambala yolipirira msonkho (TPIN) ya ku MRA, ndi chiphaso cha ku khonsolo. Ena amabwera kudzaona sitolo ngati imakhomeka bwino komanso ngati denga silidontha. Kenako amakuuzani mtengo wopikulira ndi chiwerengero chochepetsetsa chimene mungaode pa ulendo umodzi. Musachoke musanafunse za dera. Ngati akupatsani inu dera ili, kodi mawa sadzapatsanso mnzanu wa sitolo yoyandikana nayo? Ena amaletsa kuika makina a kampani ina pa shelefu imodzi ndi awo. Zonsezi zilembedwe, chifukwa amene munagwirana naye chanza akhoza kusiya ntchito chaka chamawa.

Mayi wina anafunsa ngati sangapatsidwe katundu pangongole, n'kudzalipira akagulitsa. Mayi, zimachitika, koma kwa munthu amene waoda ndi ndalama yake kangapo ndipo sanavutepo. Poyamba mpamba ndi wanu. Ndipo samalani ndi kwacha. Inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anagulitsa mapampu pa mtengo wakale ankaona ngati apindula, koma atapita kukaoda anapeza kuti ndalamayo sikukwananso kugula mapampu omwe aja. Musanaike mtengo, imbani foni mumve kuti kooda zili bwanji lero.

Tsopano chimene ndikufuna mumvetsetse, ndipo palibe anachifunsa. Ndikayenda m'madimba ndimapeza mapampu atagona pansi pa mango, atachita dzimbiri, pomwe chofa ndi kachinthu koti mungakaike m'thumba la malaya. Wamalonda wina anabweretsa mapampu otchipa kudera kwathu, anthu anagula, iye n'kusowa. Silo, kachinthu kotchinga madzi kuti asatuluke m'pampu, itayamba kudontha panalibe koipeza. Anthu amenewo mpaka lero akamva za pampu amayamba aseka.

Kampani yoitanitsa katundu imadziwa zimenezi. Chimene ikufuna kwa inu si sitolo yopaka penti yokongola ayi, koma munthu woti makina ake akavuta pakhale wowayankhira. Choncho pa ndalama yanuyo chepetsani mapampu, mugule masipeya: mapulagi, zingwe zolizira injini, masilo, mafyuluta, oyilo, zomangira mapayipi, manozo ndi mawasha a sipuleya. Mlimi amagula pampu kamodzi pa zaka zingapo, koma washa amamufuna nthawi iliyonse. Ganizirani mwezi wa Januwale, mbozi zalowa m'chimanga, munthu wafika thukuta lili kamukamu, sipuleya ikumudonthezera mankhwala kumsana. Mukamusinthira washa pompo n'kubwerera kumunda tsiku lomwelo, chaka chimene adzafune pampu sadzakweranso minibasi. Funsaninso ngati kampaniyo imaphunzitsa amakaniko, mutumize mnyamata wanu ngakhale thiransipoti ikhale yanu.

Pampu musamaipereke ili m'katoni. Injini zambiri zatsopano zimabwera zopanda oyilo, ndipo ndaonapo ina itafa tsiku loyamba chifukwa mwini wake anangothira petulo n'kukoka chingwe. Thirani oyilo wogula akuona. Muonetseni kathiridwe ka madzi m'pampu asanaiyatse, poti ikalira youma silo imapsa. Muuzeni asinthe oyilo woyamba injini ikagwira ntchito maola 20. Ndimakonda wogulitsa amene amanyamula pampu mpaka kumtsinje n'kuiyesa pamaso pa anthu, chifukwa oonerera aja ndiwo makasitomala a mwezi wamawa.

Za waranti: pa lisiti lembani tsiku ndi nambala ya injini, kope lina musunge. Makina akavuta nthawi ya waranti isanathe, musalole makaniko wa pamsika awaphwasule. Imbani kaye kumene munaoda. Waranti imalipira cholakwika cha ku fakitale, osati injini yoyendetsedwa popanda oyilo. Ndipo pali mapampu ambiri opakidwa utoto wofanana ndi wa Honda koma si Honda. Kuwagulitsa si mlandu, bola muuze wogula chimene akugula, musamunamize dzina.

Mnyamata wina anati akufuna aziikanso mankhwala ophera tizilombo pambali pa masipuleya. N'zomveka, koma amenewo ali ndi chiphaso chawochawo cha ku Pesticides Control Board. Cha ku khonsolo chija sichikwanira.

Inu amene munafunsa zogulitsa mathirakitala, pepani, bizinesi imeneyo imafuna galaja, amakaniko ophunzira ndi mpamba woti kalabu yonse sitingausonkhe.

Pa nthawi yooda, tsatirani kalendala ya kumunda. Mapampu ndi mapayipi akhale atafika pofika Epulo, mvula ikamatha, anthu akugulitsa zokolola ndipo maso ali kudimba. Masipuleya ndi manozo afike mu Novembala. Bambo a tomato aja, Lachinayi likubwerali bwerani ku ofesi ndi kope lanu, tiwerengere limodzi kuti ndi alimi angati m'makalabu oyandikana nafe amene ali ndi mapampu, a mtundu wanji, ndipo chimafa kawirikawiri n'chiyani. Pepala limenelo ndi limene mudzanyamule popita ku Lilongwe.