Akati "sorry", kodi apepesa?

Mdzukulu wina wandifunsa kuti: "Agogo, mnzanga anandinyoza pagulu la WhatsApp. Nditamudandaulira anangolemba kuti 'sorry if you were offended' (pepa ngati wakhumudwa). Anzathu akuti wapepesa, nkhani ithe. Koma mtima wanga sukukhazikika. Kodi ndine wosakhululuka?"

Mdzukulu wanga, mtima wakowo sukunama. Mawu akuti sorry amagwira ntchito zambiri m'Chingerezi, ndipo kupepesa ndi imodzi chabe mwa ntchitozo. Munthu akamva kuti waferedwa amati "I'm sorry", osati chifukwa walakwa, koma akulira nawe. Amene sanamve bwino zomwe wanena amakweza mawu kumapeto, "sorry?", kuti ubwereze. Wofuna kudutsa pothinana amatero, wokana pempho mwaulemu amateronso. Mawuwa anachokera ku "sarig" ya Chingerezi chakale, yomwe inkanena za kumva ululu, ndipo ndi pachibale ndi "sore".

Choncho usamangomva sorry yekhayo, uzimvetsera chimene chabwera pambuyo pake. Wonena kuti "sorry that I said it" (pepa kuti ndinanena zimenezo) wasenza mlandu wake. Mnzakoyo anaika "if", ndipo kamawu kameneko kabweza nkhani yonse kwa iwe, ngati vuto ndi kupsa mtima kwako osati pakamwa pake. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa wolakwiridwa ndiye amatsala akudzifunsa ngati ali ndi mtima woipa.

Usaganize kuti ndi nkhani ya ana okha. Ku Australia, ana ambiri a Aaborijini, eni nthaka a dzikolo, anachotsedwa kwa makolo awo mokakamiza. Nduna yaikulu John Howard inakana kupepesa m'dzina la boma. Mu 1999 nyumba ya malamulo inangonena kuti ikumva chisoni kwambiri. Anthu sanakhutire. Anadikira mpaka pa 13 February 2008 pamene nduna yaikulu yatsopano, Kevin Rudd, anaimirira m'nyumba ya malamulo ku Canberra n'kunena sorry, atatchula zolakwazo poyera. Anthu analira misozi tsiku limenelo. Chimene ankadikira chinali kuvomereza.

Tsono iwe usakangane naye pagulupo, ndipo usatume anzako. Muonane awiri, maso ndi maso, umuuze mofatsa mawu enieni amene analemba ndi mmene anakupwetekera. Mwina anachita manyazi n'kubisala m'Chingerezi, pakuti achinyamata ambiri sorry amakupepukirani pakamwa kuposa "ndalakwa, ndikhululukire". Umupatse mpata. Akatchula yekha chimene anachita, umukhululukire ndi mtima wonse, usadzachikumbenso. Koma popeza anakunyoza pamaso pa anthu, uli ndi ufulu womupempha kuti afufute uthengawo ndi kukonza mawu ake pagulu lomwelo. Akakana, usamusungire chidani, komanso usadzikakamize kunena kuti wapepesa pamene sanatero.