Ankadziwa kumene kuli madzi: asilikali a Nackeroos ndi Aaborijini amene anawatsogolera

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti podutsa ku Timber Creek, kumpoto kwa Australia, anaona chipilala chokumbukira asilikali otchedwa Nackeroos, ndipo akufunsa kuti anali ndani, nanga Aaborijini, eni nthaka a dzikolo, anachitapo chiyani pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse.

Mayi, nkhaniyi ikuyambira pa 19 February 1942, tsiku limene ndege za Japan zinaphulitsa mzinda wa Darwin, kumpoto kwa Australia, n'kupha anthu oposa 200. Boma linachita mantha kuti adani atha kukocheza paliponse m'gombe lalitali la kumpotolo popanda wowaona. Chaka chomwecho linakhazikitsa gulu la Nackeroos, la asilikali pafupifupi 550, likulu lawo ku Katherine, mtsogoleri wawo W.E.H. Stanner, katswiri wa chikhalidwe cha anthu. Ntchito yawo inali kuzonda ndi kutumiza uthenga pa wailesi. Ankayenda m'timagulu, pa mahatchi, kuchokera ku Kimberley, chakumadzulo, mpaka ku Gulf of Carpentaria, chakum'mawa.

Koma ambiri mwa anyamatawa anali ochokera kum'mwera, ndipo tchirelo sankalidziwa. Dzinja likafika mitsinje inkasefukira, m'madzi muli ng'ona, chakudya chikuchedwa. Amene ankawapulumutsa anali Aaborijini owalondolera njira. Iwowa ankati akayang'ana pansi, n'kudziwa kuti padutsa munthu kapena nyama, ndiponso kuti yadutsa liti. Ankadziwa pokumba madzi m'chilimwe, powolokera mtsinje, ndi mizu yodyedwa. Ine ndimati popanda iwo, gululo likanathera m'tchire ngakhale osakumana ndi mdani.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya gulu lina la ku Arnhem Land, dera la kumpoto komweko, lotsogozedwa ndi Donald Thomson, nayenso katswiri wa chikhalidwe cha anthu. Munali amuna Achiaborijini pafupifupi 50 a mtundu wa Yolngu, onyamula mikondo. Mu 1932 anthu a mtunduwu a ku Caledon Bay, m'dera lomwelo, anapha asodzi asanu a ku Japan, ndipo boma linatsekera m'ndende ana atatu a mkulu wina, Wonggu. Patangopita zaka khumi, boma lomwelo linabwera kudzapempha abale omwewo kuti alondere gombe ndi kupha Mjapani aliyense wokocheza. Malipiro awo? Fodya. Mamendulo ndi ndalama zawo zinadzatuluka mu 1992, ambiri atamwalira kale. Amene tinali ndi agogo omwe anakamenya nkhondo ku Burma m'gulu la King's African Rifles, kudikira kotereku sitikufuna wotifotokozera.

Gulu la Nackeroos linathetsedwa mu 1945. Ntchito yolondera kumpotoko inayambiranso mu 1981 ndi gulu la NORFORCE, ndipo lero ambiri mwa asilikali ake ndi Aaborijini, ovala yunifolomu ndi kulandira malipiro monga msilikali wina aliyense.