Kodi kudziuza kuti "ndine katswiri" kumathandizadi pa ntchito?

Mchemwali wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare, wandilembera imelo. Amagulitsa zipangizo zomangira nyumba m'sitolo ina ku Graniteside, ndipo m'mawa uliwonse ali mu kombi (minibasi) amadziuza kuti, "Ndine katswiri, lero ndigulitsa kwambiri." Koma kasitomala akangoyamba kunenerera mtengo, mtima umagunda, mawu n'kumuthera. Akufunsa ngati vuto ndi loti sadzikhulupirira mokwanira.

Achemwali, musadziimbe mlandu. Mawu amene mukudziuzawo sakukuuzani chochita pa nthawi imene zathina.

Mu 2009, Joanne Wood ndi anzake pa yunivesite ya Waterloo ku Canada anauza anthu kuti azibwereza mawu oti iwo ndi anthu oyenera kukondedwa. Amene ankadzikayikira kale, m'malo molimba mtima, anakhumudwa kwambiri. Mtima umakana chimene sukuchikhulupirira. Nayenso Gabriele Oettingen anapeza mu 2002 kuti ophunzira omaliza yunivesite amene ankangolota za ntchito yabwino ankatumiza makalata ochepa ofunsira ntchito, ndipo patapita zaka ziwiri malipiro awo anali otsika poyerekeza ndi anzawo.

Sindikuti muzidzinyoza ayi. Ndikuti muzidzilankhula ngati mmene angakulangizireni azakhali anu okukondani, amenenso amaidziwa bwino ntchitoyo. Mu 2014 Ethan Kross wa ku yunivesite ya Michigan anapatsa anthu mphindi 5 zokha zokonzekera kulankhula pamaso pa oweruza. Amene pokonzekerapo ankadzitchula dzina lawo, ngati akulangiza munthu wina, analankhula bwino kuposa amene ankangoti "ine, ine", ndipo pambuyo pake sanachite manyazi kwambiri. Zimaoneka zachilendo, koma muzichita chamumtima, palibe angamve.

Ndiye mawa mu kombimo, ganizirani chimene chimakugwetsani ulesi kwenikweni. Ndikukhulupirira kuti ndi kasitomala uja amene amati, "Ku msika wa Siyaso malata omwewa ndi otchipa." Dzitchuleni dzina, mudziuze kuti: akatchula Siyaso, upume kaye, umufunse geji (kukhuthala) ya malata amene anaonawo, kenako muwerengere limodzi ndi ndalama yonyamulira katundu. Akafunsa mtengo mu ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, m'malo mwa madola, utenge kalikuleta, usayankhe zapamutu. Mawu oterewa ndi ouma, sakoma ngati "ndine katswiri", koma pakamwa panu pamakhala pali kale yankho. Pamafunikanso kuti katunduyo mumudziwedi bwino, chifukwa kudzilankhula sikungakuphunzitseni kusiyana kwa mphamvu ya simenti ya 32.5 ndi ya 42.5. Zimenezo funsani anzanu akale m'sitolomo.

Mwatchulanso kuti masiku ena simugona. Apa pokha ndikupempheni kuti musalimbane nazo nokha. Kugunda kwa mtimako kukamakutsatani mpaka kunyumba, pitani ku kiliniki ya kwanuko mukafunse za Friendship Bench, ntchito imene anayambitsa Dr Dixon Chibanda konkuno ku Harare, kumene agogo ophunzitsidwa bwino amakhala pansi n'kumvetsera munthu, ndi kumuthandiza kuunika mavuto ake limodzilimodzi.