Ulendo wa kalabu ya magalimoto kuminda ya mphesa ku Franschhoek: mungaukonze bwanji?

Mmalawi wina wokhala ku Cape Town watilembera kalata. Akuti kalabu yawo ya magalimoto yamusankha kuti akonze ulendo wa tsiku limodzi wokacheza kumunda wa mphesa komwe amapanga vinyo ku Franschhoek, tauni ya kufupi ndi Cape Town. Magalimoto alipo 15, anthu pafupifupi 30, ndipo akufunsa njira yabwino, nthawi yonyamukira ndi zoyenera kusamala.

Achimwene, musanaganize za njira, yambani mwathana ndi nkhani ya oyendetsa pobwerera. Lamulo la ku South Africa limati mowa wa m'magazi a dalaivala usafike magalamu 0.05 pa mamililita 100. Polawitsa vinyo amathira pang'onopang'ono, koma mitundu imakhala isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo mukaphatikiza zimakwana tambula yodzaza ya chakumwa chomwe mphamvu yake imakhala 12 mpaka 14 peresenti. Onjezani tambula ina pa nkhomaliro, munthu akhoza kupyola malire iye akudziona ngati ali bwinobwino. Choncho galimoto iliyonse ikhale ndi munthu mmodzi amene sakamwa konse, ndipo dzina lake lilembedwe pa gulu lanu la WhatsApp kudakali masiku. Ena amati akangolawa n'kulavulira m'kachitini kamene amaika patebulo. Kachitiniko kalipodi, koma pagulu la anthu 30 akuseka, palibe amene amawerengera mnzake. Amene abwera yekha m'galimoto yake amwe madzi a mphesa, vinyoyo agule akamwere kunyumba.

Kenako imbirani eni munda, milungu itatu kapena inayi tsikulo lisanafike. Minda yambiri silandira gulu lalikulu lomwe langotulukira, ndipo imafuna dipoziti. Afunseni ngati pali malo oimikapo magalimoto 15 pamodzi, ngati msewu wolowera ndi wa tara kapena wa miyala, komanso ngati uli ndi mahampu. Funso la mahampuli musaliiwale. M'makalabu simulephera kukhala magalimoto otsitsidwa, ndipo hampu imodzi yokha imatha kung'amba bampa kapena kuboola sampu, oyilo n'kutayikira pakhomo pa eni ake. Chakudya sankhiranitu mitundu iwiri kapena itatu, aliyense alipiretu. Bilu imodzi ya anthu 30 yogawana pamapeto imadanitsa anthu.

Njira imene timaikonda ndi iyi: mutenge msewu wa N1, mupatukire R304 kulowa Stellenbosch, mukwere chitunda cha Helshoogte pa R310, mudutse Pniel, kenako mukhotere kumanja pa R45 mpaka Franschhoek. Galimoto imodzi imayenda ulendowu ola limodzi ndi mphindi zingapo, koma mdipiti muupatse maola awiri. Kumanani 8 koloko pa filing'i siteshoni ya m'mbali mwa N1, aliyense athire mafuta, munyamuke 8:30. Pa R45 pomwepo, pa munda wa mphesa wa L'Ormarins, pali Franschhoek Motor Museum, nyumba yosungiramo magalimoto akale. Anthu a kalabu ngati yanu sangafune kuilambalala, koma kumeneko amafuna mubukitsiretu malo.

Magalimoto 15 asayende mzere umodzi. Maloboti a mu Stellenbosch adzaudula mzerewo, ndipo otsalira amayamba kuthamanga ndi kupitirira ena pamalo oopsa kuti apeze anzawo. Agaweni m'magulu atatu a magalimoto asanuasanu, gulu lililonse linyamuke patatha mphindi zisanu. Galimoto yakale kapena yofooka iyende kutsogolo, kumbuyo kwa mtsogoleri, kuti liwiro la onse litengere iyo. Kumapeto kwenikweni kukhale munthu wodziwa injini, atanyamula chingwe chokokera, majampa, madzi malita asanu, oyilo lita imodzi ndi chozimitsira moto. Lamulo la mumsewu likhale limodzi: aliyense aziona mnzake wam'mbuyo pagalasi, ndipo pa mphambano adikire pamalo abwino mpaka mnzakeyo aone kumene akhotera.

Ambiri adzafuna kukwera Franschhoek Pass, msewu wokwera phiri pamwamba pa tauniyi, kukajambula chigwa chonse chili pansi. Kwerani m'mawa, musanayambe kulawa vinyo. Msewuwu uli ndi makona akuthwa, okwera njinga ndi anyani. Pokwera, galimoto yakale imatentha ngati fani kapena ladiyeta ili ndi vuto. Singano yoonetsa kutentha kwa injini ikayamba kukwera, imani, ndipo musatsekule chivundikiro cha ladiyeta injini ili yotentha chifukwa madzi ake amathovokera kumaso. Potsika gwiritsani giya yachiwiri kapena yachitatu. Mukangopondereza mabuleki mtsetse wonse, mapadi amatentha n'kusiya kugwira, ndipo mafuta a mabuleki akakhala akale amakhala atayamwa chinyezi, amawira, pedulo n'kumangolowa pansi. Amene sanasinthe mafutawa kwa zaka ziwiri asinthe ulendo usanafike.

Za nyengo: kuyambira kumapeto kwa Januwale mpaka Marichi ndi nthawi yokolola mphesa, kumatentha kwambiri ndipo m'misewu mumadzaza mathirakitala okoka ngolo. Juni mpaka Ogasiti ndi mvula ndi chifunga. Ife tingasankhe Epulo kapena Okutobala.

Vinyo mugule pomaliza, pochoka. Buti ya galimoto yoima padzuwa imasanduka uvuni: vinyo amafutukuka, amakankha chotsekera, amadontha ndipo kukoma kwake kumasintha. Tengani bokosi lozizira, kapena ikani katoni pansi kuseri kwa mpando, mabotolo ali choimirira.

Pobwerera musapangenso mdipiti. Nyamukani isanakwane 4 koloko, aliyense ayende yekha kudzera R45 ndi N1, ndipo akafika alembe pagulu kuti wafika. Inuyo ngati wokonza ulendo muchoke pomaliza, mutaona ndi maso anu kuti pa chiwongolero chilichonse pakhala munthu amene munalemba uja.