Agogo, apongozi anga ndiwakonde mpaka liti?

Mdzukulu wanga wina wapabanja wandilembera mtima uli wolemera. Apongozi ake aakazi atadwala, iye adawatenga nkumakhala nawo pakhomo. Amawasambitsa, amawachapira, usiku akabuula amadzuka ndi iyeyo. Koma kukabwera alendo, mayiwo amamunena kuti ndi waulesi, ati adawalanda mwana wawo. Anzake opemphera nawo amangomuuza kuti apirire. Ndiye akufunsa kuti, "Agogo, kodi chikondi chimene Yesu amafuna ndi chomwechi, chongokhala duu munthu akukuponda?"

Mwana wanga, misozi yakoyo si tchimo. Kunyozedwa ndi munthu amene wangomuchotsa kumene zovala zonyowa kumapweteka, ndipo Mulungu sakukuuza kuti uzinamizira kuseka.

Koma pali mawu olimba amene sindingakubisire. Pa Luka 6:32, Ambuye akufunsa kuti ngati tikonda okhawo otikonda, tapambana chiyani, poti ngakhale ochimwa amatero. Pa ndime 35 akuti tichite zabwino osayembekezera kubwezeredwa. Ndiye kuti ngati ukudikira tsiku limene apongozi akowo adzati "zikomo mwana wanga", mwina silidzafika, ndipo usamangirire chikondi chako pa tsiku limenelo. Usiku umene Yesu adavula chovala chake, nkumanga nsalu m'chiuno, nkuthira madzi m'beseni, mapazi a Yudasi adali pomwepo pakati pa enawo. Yohane 13 akunena poyera kuti Ambuye ankadziwa amene adzawapereke. Adawasambitsabe. Iweyo ukamagwada kupukuta miyendo ya munthu amene dzulo lomweli wakuchititsa manyazi, dziwa kuti Mbuye wako adagwadapo chomwecho.

Tsono za kukhala duu, apo ndiye ndikukana. Anthu ambiri amaloweza 1 Akorinto 13 kuti chikondi chimaleza mtima ndipo sichisunga mangawa, koma amadumpha ndime 6 imene imati chimakondwera ndi choonadi. Kunena mkazi wogwira ntchito usana ndi usiku kuti ndi waulesi, limenelo ndi bodza, ndipo kulilekerera sikuwathandiza mayiwo. Yesu yemwe, msilikali atamumenya khofi pamaso pa mkulu wa ansembe, sadabwezere, koma adafunsa kuti ngati walankhula bwino akumumenyeranji.

Uwerenge bwino nkhani ya Davide, pakuti nayenso adavutika ndi apongozi. Mfumu Sauli adali bambo a Mikala, mkazi wake wa Davide. Davide ankamuimbira zeze kuti mtima ukhale pansi, Sauli nkumuponyera mkondo kuti amukhomere kukhoma. Davide sadaime chilili kuti mkondowo umulase pofuna kuonetsa chikondi. Adalewa, kenako adathawa. Pa 1 Samueli 24, Sauli adamusaka ndi asilikali 3,000, ndipo adalowa yekha m'phanga la ku En-gedi osadziwa kuti Davide ndi anyamata ake ali mkati momwemo. Anyamatawo adanong'oneza kuti mwayi ndi umenewu. Davide adangodula kansonga ka mkanjo wa mfumu, ndipo ngakhale kameneko mtima udamutsutsa nako. Atatuluka adamuitana Sauli kuti "atate wanga", adawerama mpaka pansi, komabe adamuuza maso ndi maso kuti akumusaka popanda chifukwa. Sauli adalira, navomera kuti Davide ndi wolungama kuposa iye. Uone tsono ndime yomaliza ya mutuwo: Sauli adabwerera kwawo, Davide ndi anthu ake adakwera kunka kulinga kwawo. Sadatengeke ndi misozi ija nkubwerera kunyumba yachifumu, ndipo adachita bwino, chifukwa pa mutu 26 Sauli adayambanso kumusaka. Koma Sauli atafa pa phiri la Giliboa, amene adang'amba zovala nkumulira ndi Davide yemweyo. Ulemu adaupereka wonse, choona adanena, moyo wake adauteteza, ndipo chidani sadachilole kumera mumtima.

Nawenso chita motero. Pa Mateyu 18:15 Ambuye akuti uyambe wapita kwa wokulakwirayo muli awiriwiri. Sankha nthawi imene mayiwo ali bwino, ukhale nawo pafupi, ulankhule motsitsa mawu: "Amayi, ndimakusamalani ndi mtima wonse, koma mukandinena pamaso pa alendo ndimavulala." Akapanda kumva, ndime yotsatira ikuti utenge mmodzi kapena awiri. Woyamba ndi mwamuna wako. Amene akudwalawo ndi mayi ake omubereka, ndiye asamangoyang'ana kumbali iwe ukunyozedwa. Akhale nawo pansi mwaulemu, komanso aitane abale ake kuti ntchito yodwazika muzilandizana, pakuti munthu wotopa sachedwa kuwawidwa mtima. Ukumbukirenso kuti ululu ndi ukalamba zimasintha lilime la munthu, ndipo mwina mayiwo akuopa kuti alibenso malo m'moyo wa mwana wawo.

Kwa adzukulu ena amene mukuwerenga, amene nkhani yanu yafika pomenyedwa kapena kuopsezedwa: chokanipo kaye, mukauze anthu amene angakutetezeni. Mungathe kumupempherera munthuyo ndi kumukhululukira muli pamalo pamene dzanja lake silifika.